Anili, Mphezi ndi Chitomero cha Rozina

Inu ana a Rozina, ndi inu adzukulu ake, ndine agogo anu a Felista Nangozo ndikulemba. Cholembera ndimachigwira ngati khasu, pakuti sikola ndinalekeza segunda kalasi, kalasi yachiwiri, ku mishoni ya Fonte Boa, koma mutu uli bwinobwino, ndipo chimene ndinaona ndinaona. Mukudziwa kuti Rozina ndi mwana wa malemu achemwali anga, ndipo ndinamulera ndine. Chimene simukudziwa n'chakuti ukwati wake ndi bambo wanu Mateyu unatsala pang'ono kufera m'mazira chifukwa cha chithunzi chimodzi, ndipo chithunzicho chinatuluka pantchito panga. Ndiyambe ndi ntchitoyo kuti mumvetse.

1968

Amuna anga atatisiya ndi matenda a m'chifuwa, ndinanyamula Rozina, mphasa ndi simbi yanga ya makala, n'kutsikira ku Vila Kutinyu, kumene lero mukuti ku Ulongwe. Pepala la sikola ndinalibe, ndinali ndi manja. Ndinayamba kuchapira anthu, ndipo ndikati kuchapa ndikunena kuchapa. Nsalu yanga ikakhala pachingwe, wodutsa panjinga ankacheuka mpaka kulowa m'ngalande. Nsalu zimenezo ndi zimene zinandipezera ntchito. Senyolo Dinizi, mmwenye wa ku Gowa wojambula zithunzi, anaziona zili mbee kuseri kwa msika, natuma munthu kudzafunsa kuti mwini manja amenewa ndani.

Apatrau angawo, ndiye kuti abwana, anali munthu wamfupi, wa mphumu, wopsa mtima msanga ndi kuiwalanso msanga. Vila yonse inkawatcha a Musaphethire, chifukwa ndiwo mawu a Chinyanja amene ankawatchula osapunthwa. Nyumba yojambulira inali chipinda chimodzi kuseri kwa loja, sitolo ya nsalu. Pakhoma pankalendewera chinsalu choyera kuyambira kudenga mpaka pansi, kutsogolo kwake kampando, ndipo uku ndi uku nyali ziwiri zokhala ndi maambulera. Pansi pa tebulo panali chibokosi cholira ngati udzudzu. Chikadzaza mphamvu, apatrau ankadina, nyali zija n'kuti ng'ani kamodzi. Anthu ankati mphezi, ifenso pantchito tinkangoti mphezi.

Anandilemba kuti ndizichapa ndi kusita chinsalu chija, ndi kusesa. Koma munthu wamaso sakhala wosesa chaka chonse. Posachedwa ndinapatsidwa chingwe cha mfundo chimene tinkayezera kuchokera panyali kukafika pamphuno pa munthu, kuti kuwala kukhale komwekomweko tsiku ndi tsiku. Ndinkapukuta thukuta pazipumi kuti zisanyezimire. Ndinkakhazika mtima pansi agogo oopa mphezi, kuwauza kuti ine yandimenya m'maso chaka chathunthu ndipo ndikunenepabe. Ambiri anali abambo odzajambulitsa za kadeneta, chitupa cha boma, obwera chifukwa cha lamulo, nkhope zili ndwii. Nkhope yakuda imafuna ulemu pakuwala. Mukaiomba mphezi kutsogolo kokha, chipumi chimawala, masaya n'kulowa mumdima, munthu n'kutuluka wosadziwika ndi mkazi wake yemwe. Tsono ine ndinkaima pambali nditatambasula nsalu yoyera, kuti kuwala kugunde nsaluyo n'kubwerera patsaya mofatsa. Ndinkaima pamenepo ngati mtengo, manja m'mwamba, ndikuimba chamumtima, ndipo nkhope za kwathu zinkatuluka zili ndi maso, zili ndi makwinya ake, zili anthu.

Ndikuuzeni za anili, amene anzathu a ku Dedza amati buluu. Inu a lero simumudziwa. Kanali kamwala kakang'ono kogula kuloja. Tinkakamanga pakansanza, n'kukaviika m'madzi otsukuluzira omaliza mpaka madziwo akhale ngati thambo la m'chilimwe, ndiyeno nsalu yoyera n'kulowamo. Ikauma inkayera moboola maso. Mkazi aliyense wodzilemekeza ankatero, ku mishoni ankatero, ndipo nsalu yosaona anili tinkati ndi ya mkazi waulesi. Chinsalu cha apatrau chinkamwa anili Loweruka lililonse, ndipo zaka zonse zimene tinkajambula zithunzi zakuda ndi zoyera panalibe anadandaulapo.

1971

Chaka chimenecho atropa, asilikali a boma, anachuluka m'Vila, ndipo anyamata achizunguwo ankafuna zithunzi za mitundu zotumiza kwa amayi awo. Apatrau anaitanitsa filimu ya mitundu. Zakuda ndi zoyera ankatsuka okha m'kachipinda kamdima, koma iyi inkayenera kukwera mashimbombo, basi ya nthawiyo, mpaka ku Beira, kwa munthu wina amene tonse sitinamuonepo. Anandikhazika pansi nandifotokozera, theka Chinyanja theka manja, kuti munthu wa ku Beirayo sadziwa nkhope za anthu athu. Iye amafunafuna chinthu choyera pachithunzi, n'kumasintha mitundu mpaka chinthucho chiyere, akatero amadziwa kuti zina zonse zakhala m'malo. Choyera chikanama, zonse zanama. Choncho anaika malamulo. Mazenera atsekedwe, chifukwa kuwala kwa panja kumasintha m'mawa, masana ndi madzulo. Getsi la kudenga lizime, chifukwa limathira chikasu. Bokosi lidikiridwe mpaka lidzaze. M'chipinda mulankhule mphezi yokha. Ndinamva zonse, ndipo za chinsalu changa ndinalibe nkhawa, pakuti choyera kuposa chimenecho kunalibe m'Angoniya monse.

Nthawi imeneyo Rozina anali atakula, wakuda bwino ngati mayi wake, ndipo anali pachitomero ndi Mateyu wa ku Lifidzi. Mateyu anali atadutsa malire pa Kalomwe, nakalembetsa ku Dedza, napita kumigodi ku Joni kuti akapeze za ng'ombe za lobola. Anatumiza mawu opempha chithunzi. Filimu yoyamba ya mitundu itatsala malo amodzi, apatrau anati ndibweretse mtsikanayo, ikhale mphatso. Anthu onse pafilimu imeneyo anali atropa, munthu wakuda anali Rozina yekha.

Zithunzi zitabwera, atropa anakondwa, ati dzuwa la kuno lawapatsa khungu lokongola. Koma Rozina anatuluka wachikasu ngati papaya lakupsa. Apatrau anakwinya nkhope, koma ife tinaseka, tinati kapena mitundu ndi mmene imakhalira. Mwana anaona kuti deresi latuluka bwino, tinapatsira munthu wopita ku Joni, chithunzi n'kupita.

Chinabwerera mvula yoyamba itagwa. Anabwera nacho a Zakaliya, amalume a Mateyu, amene anali nkhoswe ya kuchimuna, munthu wofatsa woweta ng'ombe. Anakhala pakhonde panga, nafunsa za moyo, za mvula, za mbewu, kenako anatulutsa chithunzi m'chipewa n'kuchiika pamphasa chozondotsa. Anati mnyamata waonetsa anzake kukomboni ndipo amuseka. Ati mkazi wako wayamba kudzola mafuta oyeretsa khungu, ndipo mtsikana wodzola zimenezo m'tauni ya asilikali, aliyense akudziwa amene akumudzolera. Mateyu wati iye sangakumbe pansi pa nthaka chifukwa cha munthu wotero.

"Anangozo, ine ndangotumidwa," anatero a Zakaliya. "Chimanga chikauma tidzakhala pansi, timasule mawu a chitomero."

Rozina anali kuseri kwa chitseko. Sanalire pomwepo. Analira pochapa, analira potunga madzi, ndipo tchalitchi anasiya kupita chifukwa nkhani inali itafika kale pachitsime.

Ndinamutenga ulendo wa ku Lifidzi kuti amayi a Mateyu, Anajere, amuone ndi maso awo. Anajere anali mayi wamtali, wamikanda yambiri, wolankhula pang'ono, ndipo kunkamveka kuti ali ndi mtsikana wina wa pamudzi pomwepo amene ankamufunira mwana wawo. Ananyowetsa chala ndi malovu, napaka Rozina patsaya, nayang'ana chalacho. Kenako anati mafuta amenewa ukasiya khungu limabwerera, zimenezo amazidziwa ngakhale iwo a kumudzi. Ndinati makina ananama. Anati makina a Azungu alibe chifukwa chonamizira mwana wa Nangozo, ndipo ngati amanama ndiwaonetse munthu wina wakuda amene ananamiziridwa. Ndinalibe. Tinabwerera mvula ikutikwapula.

1972, dzinja

Apatrau nkhaniyi inawadya, chifukwa dzina lawo linalimo. Anasintha mababu a mphezi. Anatukwana bokosi. Anati kapena filimu inapsa ndi dzuwa m'mashimbombo. Zonsezo ayi. Ndiye Loweruka lina mphumu inawagwira, natuluka kuseri kuti apume mpweya, n'kundipeza ndikutsukuluza chinsalu chija m'beseni, madzi ali buluu. Anaima chilili. Anafunsa kuti ichi n'chiyani. Ndinati anili, apatrau, nanga mumayesa chinsalu chanu chimayera ndi mapemphero? Anatulutsa kampango kawo, naviika theka, nakafinya, n'kulowa m'nyumba kukatenga pepala loyera losindikizira zithunzi. Tinayanika kampango padzuwa, tinadikira kaume, n'kukagundanitsa ndi pepala lija. Ana inu, ndinaona ndi maso anga. Mbali yoviikidwa ija, imene payokha inkaoneka yoyera kuposa inzake, pafupi ndi pepala inali buluu. Diso la munthu limakhululuka, filimu sikhululuka. Munthu wa ku Beira anaona khoma la buluu, nathira chikasu mpaka khomalo liyere, chikasu chomwecho n'kukhala pankhope pa mwana wanga.

Apatrau anakuwa, ine ndinakuwanso. Anati ndani anandiuza kuthira mankhwala pansalu yawo. Ndinati anandilemba ntchito chifukwa cha mankhwala omwewo, ndipo akafunse kwawo ku Gowa ngati amayi awo ankachapa opanda anili. Pamenepo anaseka mpaka mphumu inabwerera. Sindinapepese ndipo sanandipemphe kutero. Ndinachapa monga amachapira mkazi, iwo anajambula monga amajambulira mwamuna wa makina, zinthu ziwiri zabwino n'kukumana molakwika.

Anagula chinsalu chatsopano. Ichi chinkaona sopo ndi madzi okha, ndipo chikauma tinkachiyesa ndi pepala lija padzuwa. Anawonjezanso lamulo lakuti malo oyamba a filimu iliyonse ndizikhala ine pakampando, pepala loyera pafupi ndi tsaya langa, kuti wa ku Beira aziona choyera chenicheni ndi nkhope yakuda pamodzi. Nkhope yanga inayenda ulendo wa ku Beira kambirimbiri, mwini wakene osapondako. Koma pachingwe zinali zina. Chinsalu chopanda anili chinkaoneka chofuwirira, ndipo amayi odutsa ankagwedeza mitu. Wina anandifunsa mwachifundo ngati manja ayamba nyamakazi. Wina anapeka kanyimbo kakuti Nangozo wakalamba, nsalu yamukana. Ndinkawathandiza kuimba, ndi kuvina komwe, pakuti mtima wanga unali pa chinthu china.

Chithunzi chabwino chokha sichikanathandiza Rozina. Akanati wasiya kudzola, monga ananenera Anajere. Panafunika munthu wina wakuda wonamiziridwa ndi makina, munthu amene Mateyu sangamukayikire. Ndinaganiza masiku angapo ndikusita, ndipo munthuyo ndinamupeza. Ndinapita kwa apatrau n'kunena kuti tiyese tione ngati analidi anili: tijambule anthu omwewo kawiri, koyamba kutsogolo kwa chinsalu chakale, kachiwiri kutsogolo kwa chatsopano, wa ku Beira tisamuuze kanthu, ndi pepala loyera lija lomwe tisamuonetse. Filimu inali itayamba kusowa, msewu utaipa ndi nkhondo, magalimoto akuyenda mumdipiti moperekezedwa ndi asilikali, ndipo yotsala inali imodzi. Komabe anavomera malo awiri, chifukwa nawonso ankafuna kudziwa. Anafunsa kuti tijambula ndani. Ndinati Rozina ndi mayi wina wa ku Lifidzi.

Kwa a Zakaliya ndinatumiza mawu akuti apatrau akufuna kupepesa banja pojambula Anajere ulere. Ndinkadziwa kuti mayiwo sanajambulidwepo chibadwire, ndiponso kuti mikanda yotere munthu savalira nkhuku. Anabwera Lachinayi, a Zakaliya atawakweza panjinga, atavala nsalu yatsopano ndi mikanda yonse ya m'nyumba. Ataona Rozina m'chipindamo anafuna kubwerera. Ndinati filimu yachepa, malo ndi a anthu awiriawiri, ndipo nkhani ikadzatha mbali ya mtsikanayo adzadula ndi lumo. Anavomera, koma anati asawakhudze. Ndinatseka mazenera, ndinazimitsa getsi, ndinayeza chingwe mpaka pamphuno pawo, iwo akundiyang'ana ngati ndikuwayeza bokosi la maliro. Apatrau ananena mawu awo aja, mphezi n'kuti ng'ani. Anajere anagwira mkono wa Rozina osadziwa. Tinagwetsa chinsalu chakale, chatsopano chinali kale kuseri kwake, bokosi linalira, ng'ani kachiwiri. Anatuluka akuphethira, nati ngati kujambula n'kumeneku, Azungu amavutika.

1972, masika

Tinadikira. Chimanga chinamasula, chinakhwima, chinayamba kuweramitsa mitu, ku Beira kuli zii. Tsiku lililonse mashimbombo akalira ndinkapeza chifukwa chosesera kukhomo. A Zakaliya anatumiza mawu kuti tsiku lokhala pansi layandikira. Rozina anaonda mpaka deresi lija linkamuzungulira. Ine ndinkamuuza kuti adye, zithunzi zikubwera, ngakhale kuti mumtima ndinkadziwa kuti ngati sanali anili ndiye kuti ndataya filimu ya apatrau ndi ukwati womwe.

Phukusi linafika Lachisanu. Apatrau anatsegula patebulo, nasanthula za atropa, natulutsa ziwiri. Choyamba, anthu awiri achikasu, Anajere ali ngati dzungu lovala mikanda. Chachiwiri, anthu awiri akuda bwino, khungu lili see, mikanda yofiira ili yofiira, maso ali maso. Ndinavina m'chipindamo, ndinazungulira nyali zonse ziwiri, apatrau akukuwa kuti ndigwetsa maambulera.

Kenako anatenga chachikasu chija n'kuchiika m'thumba la malaya awo. Anati chabwinocho nditenge, koma ichi sichituluka m'nyumba muno. Anthu akaona kuti makina a Dinizi asandutsa mayi wolemekezeka dzungu, adzati amanama, ndipo atropa adzapita kukajambulitsa ku Tete. Anatinso si bwino kuchititsa manyazi munthu wamkulu. Sanali kunena zopusa. Ntchito imeneyo ndi imene inkatidyetsa tonse awiri, ndipo ine ndinali mkazi wamasiye wopanda munda m'Vila. Ndinawauza chimene ndinafunira zithunzi ziwiri kuyambira pachiyambi. Anafiira, nati ndawapusitsa. Anaponya chithunzi patebulo.

"Felista, ichi chikatuluka pakhomo apo, Lolemba usabwere."

Ndinayang'ana chithunzi, ndinayang'ana nyali zanga, chingwe changa cha mfundo, simbi yanga pakona. Ntchito imeneyo ndinkaikonda, musaganize kuti ayi. M'Vila monse mkazi wodziwa kuimika mphezi ndinali ndekha. Koma mwana wa achemwali anga anali kunyumba akutafuna misozi. Ndinatola zithunzi zonse ziwiri, ndinazikulunga m'duku, ndinati tsalani bwino apatrau, ndipo ndinatuluka cham'mbuyo ngati pamaso pa apongozi.

M'mawa mwake ine ndi Rozina tinayenda wapansi kupita ku Lifidzi. Tinapeza Anajere akumenya nyemba pabwalo, a Zakaliya anaitanidwa kukhola. Rozina anagwada chapatali. Ndinayamba ndi chabwino. Anajere anapukuta manja, nachigwira m'mphepete, nachiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lina likusisita mikanda pakhosi ngati akuwerenga ngati yonse yalowamo. Kenako anati mtsikanayu apa wada bwino, zikuoneka kuti anasiyadi. Pamenepo ndinatulutsa chinacho n'kupatsa a Zakaliya. Bambo aja anayang'ana, natembenukira kunkhokwe, mapewa akugwedezeka. Atatha kudzigwira anati, "Alongo, kodi tsiku lija munkadwala?"

Anajere analanda chithunzicho. Sindinaonepo munthu akusintha nkhope chotero. Anati ndawachita chipongwe, ndawakokera ku Vila kuti ndiwasandutse choseketsa, ndipo aching'amba. Ndinati ang'ambe, koma ayambe akumbukira kuti pakampando paja sanadzukepo, mafuta sanadzole, chimene chinasintha ndi nsalu ya kumbuyo yokha. Ndinawafotokozera za anili ndi za munthu wa ku Beira. A Zakaliya anati zamveka, ndipo zithunzi zonse ziwiri ziyenera kupita kwa Mateyu. Anajere anakana. Chabwinocho chipite, koma chachikasu ayi, iwo sangakasekedwe ndi amuna a kukomboni.

"Amayi," ndinatero, "amuna omwewo anaseka kale mwana wanga, ndipo iye analibe womufunsa."

Anajere anayang'ananso nkhope yawo yachikasu, kenako anayang'ana Rozina kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

"Iwe, waondatu. Sukudya?"

"Ndimadya pang'ono, amayi."

Anajere anaphatikiza zithunzi ziwirizo, nazipereka kwa a Zakaliya ndi manja awiri, nati zipite zonse, koma mnyamatayo akaonere kumbali, asaonetse anzake. Atatero anauza Rozina kuti asangogwada ngati mlendo, atenge ndodo awathandize nyemba.

Lolemba ndinadzuka, ndinasamba, ndinapita kuntchito. Anati ndisabwere, koma chinsalu sichinamve nawo mawuwo ndipo chinafunika kusita. Apatrau anandipeza ndikupemerera makala m'simbi. Anaima pakhomo, natsokomola, nandiyang'ana, kenako anati pakona yakumanzere pali khwinya. Nkhani inathera pomwepo. Za dzungu la mikanda zinamveka ndithu mpaka kumsika, ena anaseka, ena anaopa kwa kanthawi, koma amene ankabwera ankafunsa kuti muwaike pansalu yosanama ija. Ndinagwira nawo ntchito a Musaphethire mpaka chaka cha ufulu, pamene anapakira nyali zawo n'kutsikira kunyanja kwa abale awo.

1972, chilimwe

A Zakaliya anaimitsa tsiku lomasula mawu mpaka yankho libwere, ndipo yankho la ku Joni silithamanga. Tinakolola, tinatentha mapesi, mphepo ya Juni inatiluma n'kupita. Rozina anayambanso kupita kutchalitchi, koma ankakhala kumbuyo. Mwezi wa fumbi munthu wina wa ku Lifidzi, dzina lake Filipo, anamaliza nthawi yake kumigodi n'kubwera kudzera pa Kalomwe, katundu ali panjinga ziwiri. Tinaitanidwa tonse kwa Anajere. Filipo anali munthu wokonda kuti anthu amudikire. Anayamba wamwa thobwa, nasimba za sitima, za kuzizira kwa kumeneko, za mtengo wa nsapato. Kenako anamasula mtolo, natulutsa bulangete la Anajere, chipewa cha a Zakaliya, ndi duku lofiira limene anakaliika pamphasa patsogolo pa Rozina. Anati Mateyu ataona zithunzi anakhala tsiku lonse osadya, ndipo wati apepesedwe Anangozo ndi mwana wawo, chitomero chili pomwe chinali, iye akubwera chaka chamawa. Rozina anabisa nkhope m'duku lija. Filipo anakonza kukhosi, nati patsala mawu amodzi, ndipo wauzidwa kuti awanene pagulu.

"Akuti muwauze amayi asiye kudzola, akula."

A Zakaliya anagwa pampando. Anajere anatola chitsononkho n'kugenda Filipo, chinamupeza pakhutu, kenako nawonso anagwira m'mimba, misozi ikutsika mpaka m'mikanda. Ng'ombe zinalowa m'khola la kwathu mvula isanagwe, ndipo chaka chotsatira, ku Fonte Boa, Mateyu ndi Rozina akutuluka m'tchalitchi, woyamba kululuta anali Anajere. Ine ndinali wachiwiri, koma ndinawaposa mawu.